Dimba la Apongozi ndi Chikumbu cha Madontho Oyera

LOLEMBA

M'mawa.

Gelevazio wadzuka ndi kagalasi kake m'khosi. Ndikukhulupirira amagona nako.

Gelevazio ndi mkamwini mnzanga. Ine ndinakwatira wamkulu, amake Dalitso. Iye anakwatira wamng'ono, Esinati, dzanadzanali. Nyumba yake dothi silinaume n'komwe, koma mayendedwe ake ngati mitengo ya mango yonse ya pamudzi pano anabzala ndiye.

Kagalasiko n'kokuza zinthu. Anakalandira ku maphunziro a alimi ku Kamwendo, pamodzi ndi chipewa chobiriwira. Wakamangirira ku chingwe cha nsapato, kakulendewera pachifuwa ngati kolona. Maphunzirowo anayamba kuitana ine, zimenezo zidziwike. Ndinamva kuti kulibe chakudya chamasana, ndiye ndinati apite mwanayu akaphunzireko. Ndani akanadziwa kuti kukagawidwa magalasi? Bwanji sananene poyamba?

Masana.

Uthenga wafika kuchokera kwa apongozi. Wadzera kwa amake Dalitso, pakuti ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso. Ndinaleredwa ine. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire, kugwada, maso pansi, mpaka adutse. Zaka zonsezi nkhope yawo ndimaidziwa cham'mbali basi.

Uthengawo ndi uwu: msana wawo watha, dimba la kumtsinje sangalithenso. Alipereka kwa mmodzi mwa ana awo awiri, kutanthauza kwa mmodzi mwa ife akamwini. Loweruka kukubwera amalume a amake Dalitso kuchokera ku Guilleme kudzachitira umboni. Koma pa nazale pali chinthu chikudula mbande, za fodya ndi za tomato zomwe, kudula m'tsinde mwenimweni ngati ndi lumo. Akuti amene agwire mbavayo n'kuionetsa pamaso pa anthu ndiye mlimi, dimba ndi lake.

Dimba limenelo! Madzi saphwa ngakhale dzuwa liswe mtengo chotere. Tomato wa pamenepo ndiye sekondale ya Dalitso chaka chamawa, palibenso kwina.

Zimene ine ndachita padimbapo:
– chitsime ndinakumba ndine, mpaka chikhadabo chinazuka
– mpanda ndimamanga ndine chaka ndi chaka
– ng'ombe za eni zikalowa, wothamangitsa ndine
– njoka ija ndinapha ndine (inali itafooka kale, koma anamaliza ndani?)

Zimene Gelevazio wachita:
– wavala chipewa

Madzulo.

Akuti iye mbavayo waidziwa kale. Akuti ndi chikumbu cha fumbi. Esinati akulengeza ku mjigo ngati mwamuna wake watulukira mankhwala a malungo. Amake Dalitso abwera nayo nkhaniyo mpaka m'nyumba: "Koma alamu aja ali ndi mutu."

Ine ndilibe mutu? Nanga chimene ndimasenzera matumba a amayi awo n'chiyani?

Ndaganiza. Ndigwira chikumbu changa. Chachikulu kuposa chake.

LACHIWIRI

Gelevazio waitana amayi onse pansi pa mtengo wa mango kuti awaphunzitse. Ine sindikupitako. Ndikukonza nkhokwe, imene mwamwayi ili kuseri kwa mtengo womwewo. Nkhokweyo ilibe vuto, koma ndikuikonza.

Apongozi akhala pamphasa kutsogolo. Gelevazio akuyankhula nawo maso ndi maso! Akuwapatsa kagalasi m'manja, dzanja kukhudza dzanja! Ana a masiku ano, abale. Ndipo apongozi akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ine kuseka kwawo ndimangokumvera patali ngati wailesi ya eni.

Zimene zalowa m'makutu mwanga, osati kuti ndimamvetsera:
– n'chaching'ono ngati njere ya nyemba, chophwatalala pang'ono
– n'chakuda koma chosawala; chimadzola dothi pamsana mpaka kuoneka ngati kachigulumwa
– chigoba cholimba, cha timizere tolowera kumbuyo
– tinyanga take n'tatifupi, ngati mikanda yotungidwa paulusi, yakumapeto yokulirapo
– sichithamanga, ukachikhudza chimanamizira kufa
– masana chimabisala pansi pa udzu wophimbira nazale, chimadya kukada
– ndipo ichi ndiye wanenetsa: kuphazi kwa miyendo yakutsogolo ndi yapakati kuli timfundo tisanu, koma kwa yakumbuyo tinayi

"Mukawerenga tinayi kumbuyo, mwachipeza," akutero, chala m'mwamba ngati katekisiti.

Kuwerenga mfundo za phazi la chikumbu! Munthu wamkulu, wa ndevu zake! Koma amayi onse "eee!", "aaa!", kulimbirana kagalasi. Mayi wina wayang'ana nako nsabwe ya m'mutu mwa mwana wake, wakuwa.

Kenako wanena china. Ndalemba momwe wanenera:

"Kuli china chachikulu, cha miyendo yaitali, cha madontho oyera pamsana, chothamanga kwambiri. Chimenecho musachiphe, n'chinzathu, chimadya mbozi. Komanso musachigwire. Chikakwiya chimathira madzi otentha m'maso."

Ha! Ndamugwira!

Chachikulu, chothamanga, iye sangachigwire, ndiye wachisandutsa mnzake. Tsono munthu woganiza bwino, kanthu kangati nyemba kangamalize nazale yonse? Kangamalize bwanji? Mbava yeniyeni ndi yaikuluyo. Tating'onoto ndi aganyu ake chabe. Gelevazio wagwira aganyu, bwana akumuopa. Zakuti madzi otentha m'maso wangowonjezera kuti pasapezeke wina womuposa.

Bwanayo ndimugwira ine.

Madzulo.

Amake Dalitso nawonso ayang'ana chala chawo pa kagalasiko. Akuti mizere ya pachala ikuoneka ngati mizere ya m'munda. Akhala akunena zimenezi kuyambira masana, auza Dalitso, auza ine, auzanso Dalitso. Ine ndinawagulira chitenje cha ku Chipata pa Khirisimasi, sananene kawiri.

Nkhokwe ija tsopano yapendekeka.

LACHITATU

M'mawa.

Bwana sakuoneka. Ndayenda mpanda wonse wa dimba, ziii. Chabwino, ndiyambe ndi aganyu, ndionetse kuti palibe chovuta. Chida: chitini cha mkaka, chivindikiro ndabowola ndi msomali. M'malo mwa kagalasi: tako la botolo losweka. Galasi ndi galasi.

Zimene ndagwira:
– mphemvu. Tinyanga tatitali ngati waya, mikanda palibe. Yathawa yokha, sindinailetse.
– chokankha ndowe. Chozungulira, chowala, mutu ngati fosholo. Amake Dalitso akuti chituluke m'nyumba, kapena titulukire limodzi.
– bongololo. Ndayamba kuwerenga miyendo, ndasiya.
– tinthu tingapo takuda, tosawala, tangati nyemba, ta fumbi pamsana, tosasuntha. Ndatipeza kunja kwa mpanda, pamulu umodzi.

Izi ndiye! Ndatikhudza ndi kamtengo, zii. Kunamizira kufa kuja! Gelevazio anachita kupitira ku Kamwendo zinthu zimene ine ndapeza dzuwa lisanafike pamutu.

Masana.

Ndakhala pamthunzi ndi chitini pakati pa miyendo, kudikira kuti tidzuke nditiwerenge timfundo. N'tamakani! Miyendo tabisa mwaluso, ngakhale pa tako la botolo sikuoneka. Pa tako la botolo chimene chikuoneka bwino ndi kubiriwira basi. Ndadzicheka nalo chala.

Ndatiopseza ndi kugogoda chitini. Ndatithira timadzi. Ndanamizira kugona kuti tiganize kuti ndachoka. Osasuntha.

Wadutsa Esinati, ndowa pamutu. Wasuzumira. Watula ndowa pansi bwinobwino kuti aseke momasuka.

"Alamu, mbuzi zathu zakulakwirani chiyani kuti manyi ake muzisunga m'chitini?"

Ndamuuza kuti ndikuyesa manyowa. Wakhala pansi. Misozi mbwee.

Madzulo.

Mudzi wonse wamva. Ana akandiona akulira ngati mbuzi.

Choipitsitsa, wabwera Gelevazio. Wavula chipewa, wanjuta pakhomo, ulemu wonse. "Akulu, kagalasi aka mukhoza kubwereka, ine ndilibe nako ntchito mawa."

Kubwereka! Ine! Ndamuuza kuti maso anga ndi a kale, oona okha. Wayankha kuti zoonadi akulu, ndipo wapita osaseka ngakhale pang'ono. Akanaseka bwenzi ndikudziwa pomugwira. Ulemu wa mnyamata ameneyu ukundiwawa kuposa chipongwe cha mkazi wake.

Ndinene zoona pano poti sawerenga munthu: kagalasiko ndikukafuna. Ndikukafuna koopsa.

LACHINAYI

Ku Kamwendo pa njinga, tambala pa kaliyala. Tambalayo wagulidwa msanga, analidi wonenepa.

Kufuna kagalasi kokuza zinthu:
– sitolo yoyamba andipatsa kalilole
– yachiwiri andipatsa magalasi akuda a dzuwa
– yachitatu mtsikana wandifunsa kuti ndikufuna kukuza chiyani, anthu onse pakauntala n'kutembenuka. Ndatuluka.

Pamsika ndapeza mkulu wina wa ku Zambia, wayala magalasi a maso pathumba. Wandiveka ena okhuthala. "Aya, mudala, muzaona na nyelele ngati ili na mimba." Ndayang'ana chikhatho changa, chakula ngati khasu! Ndagula pomwepo. Gelevazio ali ndi galasi limodzi. Ine awiri, diso lililonse lake.

Pobwerera ndawavala kuti anthu aone. Msewu ukuyandama. Mitengo ikubwera iwiriiwiri. Pafupi ndi chigayo ndalowa m'ngalande, njinga pamwamba, ine pansi. Akabaza andifunsa ngati ndayamba m'mawa. Sindimwa ine Lachinayi.

Ndafika panjira ya kudimba, ndikukankha njinga. Patsogolo pakubwera munthu wamkazi, dengu pamutu, chitenje chofiirira. Apongozi! Ndaponya njinga, ndadumphira patchire, ndagwada. Pa minga. Ndapirira, maso pansi, manja pamodzi. Mapazi afika, aima.

"Dzukani alamu, ndakukhululukirani machimo anu onse."

Esinati. Esinatinso!

Magalasi ndaika m'thumba. Mkulu wa ku Zambia uja anati afunika kuzolowera.

Madzulo.

Pamene ine ndimagubuduka m'ngalande, kuno zachitika. Dzulo Gelevazio anayala masaka onyowa pakati pa mabedi a nazale, pansi pake n'kuwazapo timadeya. M'mawa uno wavundukula, zikumbu za fumbi mbwee, zadzaza mbale. Apongozi amutumizira thobwa m'chikho chawo chenicheni, chija cha mkanda pachogwirira.

Ine thobwa la apongozi ndimamwa pamaliro ndi paukwati basi.

Amake Dalitso afunsa: "Tambala ali kuti?" Ndati mwina wapita kocheza. Andiyang'ana nthawi yaitali, ayang'ana thumba la malaya m'mene mwatuluka mwendo wa magalasi. Kuyang'ana kwa mayi ameneyu kumalasa mpaka kukhonde.

Kwagwa chizimalupsa. Fumbi lagona, kunja kukununkhira dothi.

LACHISANU

Ndadzuka dzuwa lili pamwamba. Tambala palibe, wondidzutsa ndani?

Koma lero ndi tsiku langa!

Mvula ija yamutulutsa. Ndikulowa padimba, ndangoona chinthu chakuda chikudutsa panjira, liwiro ngati mphezi. Madontho oyera! Miyendo yaitali! Bwana mwini wake!

Ine pambuyo. Iye kumpanda, ine kumpanda. Iye kuchitsime, ine kuchitsime. Walowa pabedi la tomato, ine ndalowanso, ndikanatani? Wakhota, ndakhota, ndaterereka, ndagwa chagada, ndadzuka. Pamapeto ndamuvindikira ndi chitini, ndalowetsa chivindikiro pansi pang'onopang'ono. Wagwidwa!

Bedi la tomato silikuoneka bwino. Mbande zambiri zagona. Ndazidzutsa ndi manja, zina zagonanso. Ndasalaza dothi. Zimenezi n'zimene mbava imeneyi imachititsa.

Masana.

Ndikumusuzumira pa timabowo ta msomali, kumufanizira ndi zonena za Gelevazio.

– Kukula: ngati chala changa chachikulu. Si nyemba. Bwana ndi bwana.
– Fumbi pamsana: palibe. Wakuda bii, madontho oyera mbee. Bwana angadzole dothi? Wavala suti.
– Tinyanga: tatitali, tosalala ngati ulusi, mikanda palibe. Mikanda n'za aganyu.
– Kunamizira kufa: kumeneko ayi. Akugunda chitini ngati wamndende wosalakwa.
– Chiuno chopyapyala. Mano awiri opindika ngati zikwakwa. Tsono mbande angadule ndani ngati si wa zikwakwa?
– Timfundo ta kumbuyo: sakuima kuti ndiwerenge. Ndimuyesa kuti ndi tinayi.

Zonse zikugwirizana.

Kuti pasakhale mkangano ndamuyesa mayeso. Ndamuponyera mbande ya tomato m'chitini. Patsamba panali kambozi kobiriwira, kalowa nawo. Ndapita kukamwa madzi. Pobwera, mbande ili bwinobwino, kambozi kulibe.

Ndiye kuti amayamba ndi ndiwo. Ambiri timatero pakakhala palibe wotiona.

M'chitini mukutuluka fungo lowawasa, lolasa m'mphuno. Mwina ndi mkaka wakale.

Madzulo.

Amake Dalitso akhala pansi pafupi nane, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Ayankhula motsitsa mawu.

"Bambo a Dalitso, kachitayeni chimenecho. Dimba lija ndi sukulu ya mwana, si mpikisano wa zipewa. Kabwerekeni masaka kwa alamu, mugwire tating'ono tomweto. Mukafanana, amayi akudziwa okha amene anakumba chitsime."

Alamu, alamu, alamu! Sabata yonse m'nyumba muno dzina ndi limodzi. Ndawauza kuti ine sindikufuna kufanana ndi munthu. Ndikufuna apongozi atembenuke, aone, anene kuti mkamwini wanga wamkulu uyu.

Adzuka. Akuti mawa chitinicho sachigwira, ndikapereke ndekha.

Ndasita malaya oyera. Mawu okanena ndakonza, ndayeserera kuseri kwa nkhokwe yopendekeka ija.

LOWERUKA

Ndikulemba ndi diso limodzi. Zilembo zikakhota, ndi chifukwa chake.

Pansi pa mtengo wa mango anthu adzaza. Amalume pampando, jekete ndi ndodo. Apongozi pamphasa. Amayi kumbuyo, ana m'mitengo. Magalasi anga ali m'thumba, chifukwa Esinati akangowaona amayamba kutsokomola.

Wayamba Gelevazio. Mbale ya zikumbu, kagalasi, chala m'mwamba. Watembenuza chimodzi chagada, chanamizira kufa, wapatsa amalume kagalasi. Amalume, munthu wamkulu wolemekezeka, akuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani: "Kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. Tinayidi! Iii, koma Mulungu!" Anthu m'manja. Apongozi nthungululu.

Nthungululu! Pa phazi la chikumbu! Ine pa chitsime chija anangoti zikomo, kudzera kwa mwana wawo.

"Nanga akamwini aakulu?" akutero amalume.

Ndayang'ana amake Dalitso kuti atenge chitini akapereke, monga mwa nthawi zonse. Apinda manja, akuyang'ana mango.

Basi, ndekha. Ndagwada patali, ndikuyenda ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa mphasa. Chiyambire sindinafikepo pafupi chotere ndi apongozi, ndikuona mpaka zala za kumapazi kwawo. Mutu pansi, monga mwa mwambo. Chitini m'manja onse awiri. Mawu aja ndanena bwino ndithu: kuti mnzangayu wagwira aganyu, ine ndabwera ndi mwini estate... ayi, ndinati mwini munda, bwana wawo.

Ndayamba kutsegula. Chitini chikugunda. Gelevazio wamva fungo, wadumpha: "Akulu! Nkhope kutali! Yang'anani kumwamba!"

Kumwamba kuti? Kumwamba kuli nkhope ya apongozi! Ine ndiyang'ane apongozi m'maso pamaso pa amalume, chifukwa wanena ndi Gelevazio? Ndaweramitsa mutu kwambiri, mphuno pafupi ndi chitini. Ndachotsa chivindikiro.

Bwana sanathawe. Watembenuka bwinobwino, wandilozetsa kumbuyo kwake.

Tsaaa!

Mayo ine! Moto! Tsabola wa kambuzi ndi madzi akumwa poyerekeza ndi zimenezo. Ndadzambatuka osaona, phazi lakola mphasa, ndagwa chamutu. Ndagwera pofewa. Ndagwira chimene manja apeza, ndikukuwa, "Amayi! Amayi ndafa!"

Pofewapo panali pamiyendo pa apongozi. Chimene manja anapeza linali khosi lawo.

Pabwalo ziii. Ngakhale ana m'mitengo.

Akuti, poti ine sindinaone, bwana uja anatuluka n'kudutsa pakati pa miyendo ya amalume, amalume n'kukwera pampando ndi jekete lawo, ndodo m'mwamba. Akuti anadutsa mudzi wonse osatembenuka, molunjika kudimba.

Apongozi sanandikankhe. Andigwira mutu ngati dzungu, aitanitsa madzi. Atsegula diso ndi zala zawo, akuthira chikho pambuyo pa chikho, ine ndikuphupha, iwo akuti, "Khalani bata, inu, mwana wa eni." Chikho chake chija cha mkanda pachogwirira. Ndafika nacho pafupi ndithu, koma chadzera m'diso.

Moto utachepa ndatsegula diso linalo. Nkhope ya apongozi ili apa, pamwamba panga. Maso ndi maso. Andiyang'anitsitsa, apendeketsa mutu.

"Ha! Kodi muli ndi mpata m'mano? Zaka zonsezi ine ndimangodziwa dazi lanu."

Ndiye kuseka kwaphulika. Esinati anachita kumunyamula.

Madzulo.

Amalume agamula ziwiri.

Choyamba: apongozi anapita kudimba dzulo madzulo, anaona bedi la tomato. Akuti chikumbu chimene chinapondaponda pamenepo chimavala nsapato za matayala, ndipo chinasiya chidindo cha matako pamatope. Pamudzi pano wa nsapato za matayala ndi mmodzi. Dimba lapita kwa Esinati ndi mwamuna wake.

Chachiwiri: mkamwini wogwira apongozi m'khosi pamaso pa anthu apepese ndi tambala.

Tambala!

Ndayang'ana amake Dalitso. Ayang'ana mango.

Gelevazio wapita kwake, wabwera ndi tambala wake wofiira, wandipatsira kuseri kwa nkhokwe kuti anthu asaone. "Si ngongole, akulu."

Ndikanakonda akanandimenya.

LAMULUNGU

Diso latupa ngati papaya wamng'ono. Kutchalitchi anthu akuyang'ana ine, kenako amake Dalitso, mwaulemu waukulu. Amayi ena awagwira chanza ndi manja awiri. Osaidziwa nkhani akuyesa kuti anandimenya ndi iwo, ndipo iwo sakutsutsa.

Gelevazio wabwera wopanda chipewa, kagalasi wabisa m'malaya. Akuchita dala kuti ndisamve kuwawa. Ndikumva kuwawa.

Potuluka ndakumana ndi apongozi panjira. Miyendo yayamba yokha kulowera kutchire. Iwo: "Iii, bambo a Dalitso, mukupitanso kuti? Tinakumbatirana kale dzulo. Diso lili bwanji?" Ndaima pakati pa msewu ngati chitsa. Sindikudziwa poyang'ana. Ndayang'ana dengu lawo, ndayankha dengulo.

Masana.

Gelevazio ndi Esinati abwera kunyumba. Akuti akambirana: mabedi a kufupi ndi chitsime akhale a Dalitso, tomato wake wa sukulu. Ndimati nditsegule pakamwa ndinene kuti ife sitilandira zachifundo. Amake Dalitso athokoza kale, kuwomba m'manja, asanandiyang'ane n'komwe. Atachoka alendo anangoti, "Likanakhala lonse." Sanakweze mawu. Diso silinawawe chotero.

Chitsime chokumba ndekha, ndizitunga mwachilolezo cha mwana wa dzana.

Onse apita kudimba kukaona malire. Ine akuti nditsale, diso lisalowe fumbi.

Madzulo.

Ndili pakhonde ndekha. Pansi pa thumba la madeya patuluka kanthu, kakuyenda pang'onopang'ono ngati kalibe kopita. Ndavala magalasi a ku Kamwendo aja, poti Esinati kulibe. Kodi! Pafupi amaona bwino! Vuto lawo ndi msewu basi. Ndipo akanakhala pamaso dzulo... ayi, zimenezo sindiganiza.

Kangati nyemba. Dothi pamsana. Timizere pachigoba. Tinyanga ta mikanda, yakumapeto yokulirapo, ngati kuti wina anakhala pansi n'kutunga. Ndakakhudza ndi kaudzu, kafa. Ndakatembenuza. Mwendo wakutsogolo: tisanu. Wakumbuyo: kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi.

Tinayi!

Ndatukula mutu kuti ndiuze munthu. Pabwalo pali mbuzi yokha, ikundiyang'ana ngati tikudziwana.

Sindinakaponye kanthuko ku nazale ya Gelevazio. Ndine mkhristu, ndipo lero ndi Lamulungu. Ndangokadzutsa, n'kukalozetsa mutu ku njira ya kudimba. Kupita kapena kusapita ndi nkhani yake. Pa mayendedwe amenewo kakafika Lachitatu.

Ndakhala ndikukaonerera, mtima uli mbee koyamba sabata ino. Kadutsa mtondo. Kadutsa nkhokwe.

Kenako ndakumbukira. Ukamachokera kuno, mabedi oyamba kufika ndi a kufupi ndi chitsime.

Ndanyamuka, diso limodzi, ndakatola, ndaponyera nkhuku.

Mawa ndikabwereka masaka kwa Gelevazio. Masaka okha. Kagalasi ayi.